Tsogolo la Malo Ochitira Kafukufuku wa Uinjiniya ndi Gawo la Anthu a M'madera

Mawu olankhulidwa kwa makomiti a chitukuko a m'boma la Thyolo



Anthu ambiri a ku Thyolo amaidziwa yunivesite ya MUST ndi maso okha. Amaona nyumba zake pa Ndata, ena amagulitsa nthochi ndi ndiwo zamasamba kwa ophunzira ake, koma ndi ochepa amene anamvapo zimene zimachitika m'zipinda zake za kafukufuku. Sukuluyi inayamba kulandira ophunzira m'chaka cha 2014, ndipo pamalo amodzi ili ndi magawo a uinjiniya, a zanyengo ndi nthaka, a zachipatala, ndi a zachikhalidwe. Kusanjika kotere kuli ndi cholinga. Vuto la m'mudzi silifika litagawidwa kale monga mmene maphunziro amagawidwira. Mjigo ukayamba kutulutsa madzi ofiira, pamafunika wodziwa miyala ya pansi pa nthaka, wodziwa kuyeza madzi, injiniya wa makina, ndiponso munthu womvetsa chifukwa chimene thumba la komiti ya mjigo linaumira. Ndiye chifukwa chake mayunivesite amatsegula malo oti akatswiri a maluso osiyana azigwirira limodzi ntchito pa vuto limodzi.

Chitsanzo chooneka bwino chili pafupi, ku Blantyre. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi mapapo osakhwima, amene timatumba take ta mpweya timafwamphuka akapuma. Makina othandiza ana otere analipo kale m'mayiko olemera, koma mtengo wake unali wosafikirika. Madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth anagwirizana ndi mainjiniya ndi ophunzira a yunivesite ya Rice ya ku Houston, m'dziko la America, napanga makina otchedwa Pumani. Makina oyamba anagwiritsa ntchito timapampu topemerera mpweya m'mabokosi oweteramo nsomba za m'nyumba. Mpweya wosakaniza ndi okosijeni umadutsa m'kapaipi kupita kumphuno kwa mwana, ndipo nsonga ina ya kapaipiko imamizidwa m'botolo la madzi. Kuya kwa nsongayo m'madzimo ndiko kumakhazikitsa mphamvu ya mpweya yosunga mapapo ali otseguka. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2014, amene Dr Kondwani Kawaza anali mmodzi wa otsogolera, anaonetsa kuti mwa ana 100 alionse oikidwa pa makinawa, 71 anapulumuka, pamene mwa opatsidwa okosijeni yekha anapulumuka 44.

Nkhaniyi siinathere pomwepo, ndipo gawo lake lotsatira ndilo lofunika kwambiri kwa anthu a chitukuko. Makinawa atafika m'zipatala za m'maboma, ofufuza anapeza kuti mwana akafika atazizidwa thupi, mwayi wake wopulumuka unali wochepa ngakhale aikidwe pa Pumani. Makina amodzi sakanatha kulimbana ndi kuzizira kwa mwana, kuzima kwa magetsi, kuchepa kwa anamwino ndi kusowa kwa wokonza zipangizo. Pamenepa panabadwa ntchito ya NEST360, imene imalowetsa m'chipinda cha makanda zipangizo zingapo pamodzi, n'kuphunzitsanso anamwino ndi amisiri ozikonza. Akanakhala mainjiniya okhaokha, akanaona makina akugwira bwino ntchito n'kubwerera kwawo ali okhutira. Amene anaona kumene kunkatayikira miyoyo ndi amene ankayeza kutentha kwa thupi la mwana aliyense n'kulemba m'kaundula.

Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya boma lino, uli ndi mbiri yofanana. Chiyambi chake chili m'Malawi momwemuno, kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, pamene unkatchedwa Maldev, ndipo anaukonzanso ku Kenya. Opanga ake anayambira pa dandaulo la anthu, lakuti mijigo yakale ikawonongeka inkadikira galimoto ya boma kwa miyezi. Anaupanga mwakuti anthu a m'mudzi azitha kuzula ndodo zake ndi manja n'kusintha malabala ndi mabushi pogwiritsa ntchito sipanala ndi chokowera. Patha zaka zoposa 40 mjigowu ukadali pa ntchito.

Kodi malo a kafukufuku oterewa adzakhalapobe zaka zikubwerazi? Chiopsezo choyamba ndi ndalama. Ntchito zambiri za mtundu umenewu zakhala zikuyenda ndi thandizo lochokera kunja, ndipo m'chaka cha 2025 dziko la America linadula gawo lalikulu la thandizo lake ku mayiko osauka. Malo odalira thumba la mlendo amafufuza zimene mlendoyo wasankha, ndipo thumbalo likatsekedwa, zipinda zimatsala ndi makina ophimbidwa ndi nsalu. Palinso nkhani ya kugawidwa kwa yunivesite ya Malawi m'chaka cha 2021. Mainjiniya a ku Polytechnic anakhala yunivesite ya MUBAS, pamene madokotala ndi anamwino anakhala yunivesite ya KUHeS. Masukulu awiriwa ali moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, mtunda woyenda pansi, koma tsopano iliyonse ili ndi utsogoleri ndi bajeti yake. Kugawanaku kuli ndi ubwino wake, komabe mgwirizano umene kale unali wa pabanja limodzi tsopano ukufuna kuusamalira mwadala.

Masomphenya a Malawi 2063 amalankhula za mafakitale ndi luso lamakono. Ndi mawu abwino, koma injiniya wa pa Ndata sangapange chothandiza anthu a ku Thekerani kapena ku Bvumbwe ngati sadziwa chimene chimawonongeka kumeneko, kangati pachaka, ndi pa mtengo wanji. Chidziwitso chimenechi sichili m'mabuku a yunivesite. Chili m'mitu mwa amayi otunga madzi, mwa amakaniko a mijigo a m'madera, mwa alangizi a zaumoyo, ndi mwa anyamata a kabaza odziwa mlatho umene umamira mvula ikagwa usiku umodzi. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anakokolola milatho, misewu ndi nyumba m'maboma a kummwera, anthu mazanamazana nataya miyoyo. Akuluakulu a m'midzi amadziwa pamene madzi anafika ndi malo amene nthaka inagumuka. Zimenezi zikapanda kulembedwa, mlatho watsopano udzamangidwa pa msinkhu womwewo wa wakale.

Ndi zoona kuti anthu ena anatopa ndi ofufuza. Amabwera ndi mapepala a mafunso, amakhalitsa anthu pansi pa mtengo tsiku lonse, akapita osabwereranso. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa khonsolo ndi mafumu. Wofuna kufufuza m'dera azilonjeza asanayambe kuti adzabwera kudzafotokoza zimene wapeza, m'Chichewa, pa msonkhano wa ADC. Chipangizo chatsopano chikabwera kudzayesedwa, komiti izifunsa kumene zosinthira zake zimagulidwa, mtengo wake, ndi dzina la mmisiri wa pafupi amene waphunzitsidwa kuchikonza. Funso limeneli likasowa yankho, chipangizocho chidzakhala chokongoletsa mudzi pakangotha chaka.

Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya 1998 inatsegula njira yoti zofuna za anthu zichoke ku VDC, zidutse ku ADC, zikalowe m'pulani ya chitukuko ya boma. Kawirikawiri mapulani a m'midzi amangotchula zomanga zatsopano: mjigo, buloko ya sukulu, mlatho. Mavuto obwerezabwereza, amene ndiwo chakudya cha ofufuza, salembedwa. Khonsolo ili ndi mphamvu yosonkhanitsa mavuto otere n'kuwapereka ku MUST, ku MUBAS kapena ku LUANAR, kumene ophunzira a chaka chomaliza amafunafuna mitu ya kafukufuku wawo. Ingathenso kulandira ophunzirawo kuti adzaphunzire ntchito m'maofesi ake a zamadzi ndi zomangamanga, pa ndalama yochepa poyerekeza ndi yolipira katswiri wa kampani.

Pa ntchito imeneyi komiti iliyonse ya mjigo ikufunika kope limodzi ndi cholembera. M'kopemo muzilembedwa tsiku limene mjigo wawonongeka, chitsulo kapena labala imene yatha, ndalama zimene zalowa, ndi masiku amene anthu akhala akutunga kumtsinje. Makomiti oteteza anthu ku ngozi zogwa mwadzidzidzi achite chimodzimodzi ndi milatho ndi malo ogumuka. Makope amenewa abwere nawo apampando a VDC pa msonkhano wotsatira wa ADC, kuti alembi awaphatikize asanayambe kukonza mapulani a chaka chamawa.