Mbale ya ku Geneva ndi Banjo ya ku Nathenje

(Mawu amene mmodzi wa ife adalankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale ku Mitundu)



Pamene a Mlembi adandiimbira foni, adandipempha kuti ndidzakambe za ntchito ya m'boma ndi momwe mwana angaipezere. Ndawapepesa kale panjapo. Za ntchitoyo tikambirana pa nthawi ya nsima, ndipo amene ali ndi funso asaope kundipeza. Pakali pano ndifuna ndikambe za chinthu chakuda ndanyamulachi. Ndamva ana a Fomu 1 akunong'onezana kuti ndi chivundikiro cha poto. Iyayi ana inu, iyi ndi mbale ya galamafoni. Mukamva pa wailesi kuti woimba wakutiwakuti watulutsa chimbale, dziwani kuti mawuwo adachokera pa chinthu ichi.

Mukaiyang'anitsitsa muona kuti ili ndi kamzere kamodzi kozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. M'kamzeremo ndi momwe mudagobedwa mawu. Mbale ikamazungulira, kasingano kamayenda m'kamzeremo n'kumanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka nyimbo. Yaikulu ngati iyi imazungulira ka 33 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi imaimba pafupifupi mphindi 20. Zing'onozing'ono zija zinkazungulira ka 45, pomwe za makedzana, zosachedwa kusweka, zinkazungulira ka 78.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Nathenje. Amalume anga adali mmodzi wa anthu a Wenela. Boma litaletsa za Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi ambiri, iwo adabwerako ku Joni chaka chotsatira ndi sutikesi, chikhothi, gumbagumba ya mabatire ndi mulu wa mbale zing'onozing'ono za simanjemanje ndi kwela. Amayi amasimba kuti pa Khirisimasi mudzi wonse unkathera pabwalo la amalumewo. Pofika nthawi imene ine ndinkazindikira, singano idali itatha ndipo ina idalibe kogula. Mbalezo zidangounjikidwa m'katoni kunsi kwa bedi. Ndiulule pamaso pa mafumu kuti amene adazimaliza ndine ndi asuweni anga. Tinkazimangirira ku galimoto zathu za mawaya kuti zikhale chiwongolero, zina tinkapikisana kuziponya m'mwamba. Palibe ndi imodzi yomwe imene idatsala.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si mbale za amalumezo, chifukwa nyimbo za Mahotella Queens mukhoza kuzipeza ngakhale lero pa foni. Chimandiwawa ndi ichi. Zaka zimene ndidali pa sukulu pano, kuyambira 1995 mpaka 1998, pa tsiku la msika pa Nathenje pankakhala bambo wina wachikulire woimba banjo yopanga yekha. Adaipanga ndi chigubu cha mafuta, kathabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Nthawi zina tinkamupezanso pa msika wa Mitundu pano, atabwera wapansi. Ankaimba za mtengo wa fodya, za ngongole ya feteleza, za apongozi ovuta, ndi za maliro amene adachuluka m'midzi mwathu zaka zimenezo. Amayi ogulitsa tomato ankaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka n'kukhala chete ngati ali pa siwa. Ife ana a sekondale, ndi Chingerezi chathu chatsopanocho, tinkamuona ngati wopemphetsa. Tinkathamangira kogula makaseti a rege ndi kwasakwasa.

Nditamaliza maphunziro ku Chancellor College n'kuyamba ntchito, ndidaganiza zoti tsiku lina ndidzamujambule mawu. Ndinkangoti mwezi wa mawa, ndikalandira. Tsiku limene ndidapita kukamufunsa pa msikapo adandiuza kuti adamwalira kalekale. Ndidafunsa dzina lake lenileni, koma aliyense ankangoti "bambo a banjo aja". Munthu adasangalatsa misika iwiri kwa zaka zambiri, koma palibe kaseti, palibe chithunzi, ngakhale dzina. Ine amene ndidapita ku yunivesite, amene ndimakhalira kulemba ndi kusunga mafayilo a boma, sindidasunge ngakhale nyimbo yake imodzi.

Tsopano ndibwerere ku mbale iyi. Adandipatsa ndi mnzanga wa ku ofesi amene adapita ku msonkhano ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Akuti adalowa m'sitolo ina ya nyimbo n'kudabwa kuona mawu a Chichewa pa chikuto. Ndi chimbale chotchedwa Wasalala cha Madalitso Band, chimene chidatuluka mu 2019. Oimbawa ndi awiri okha, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni. A Yobu amaimba babatoni, chida chachitali cha chingwe chimodzi chopanga okha, pamene a Yosefe amaimba gitala ya zingwe 4 uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Kwa zaka zambiri ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe, ndipo sindikukayika kuti ena a ife tidawadutsapo tikuthamangira minibasi, monga momwe ine ndinkadutsira bambo a banjo aja. Mu 2017 adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akuitanidwa ku zikondwerero zikuluzikulu monga WOMAD ku England ndi Roskilde ku Denmark.

Imene idatulutsa mbaleyi ndi kampani yaing'ono yoima payokha yotchedwa Bongo Joe. Kuima payokha kukutanthauza kuti si nthambi ya makampani atatu akuluakulu aja, Universal, Sony ndi Warner, amene ali ndi gawo lalikulu la malonda a nyimbo pa dziko lonse. Idayamba ngati sitolo yogulitsa mbale mu 2013, ndipo mu 2015 idayamba kutulutsa mbale zakezake. Choncho mu 2025 idakwanitsa zaka 10. Woiyambitsa, a Cyril Yeterian, ndi woimba nawonso. Ngakhale dzina la kampaniyi lili ndi phunziro. Bongo Joe lidali dzina la George Coleman, woimba wa m'misewu ya ku Texas ku Amereka, amene ng'oma zake zidali migolo ya mafuta. Adatcha kampani yawo dzina la munthu wonga bambo a banjo athu aja.

Mukaona mndandanda wa zimene atulutsa mukhoza kuganiza kuti eni ake sadziwa chimene akufuna. Muli gulu la Altın Gün la ku Amsterdam loimba nyimbo za ku Turkey, limene chimbale chake choyamba chidatulukira kumeneko mu 2018. Muli nyimbo zakale za sega za ku zilumba za m'nyanja ya India monga Mauritius, nyimbo zakale za ku São Tomé, nyimbo za rai za anthu ochokera ku Algeria, oimba a mu Geneva momwemo, kenaka babatoni ya ku Lilongwe. Zilankhulo n'zosiyana, zida n'zosiyana. Chozilumikiza ndi khutu la munthu amene adaima n'kumvetsera, n'kunena kuti izi zisatayike. Ndipo sadalekere pa chimbale chimodzi: adatulutsanso Musakayike mu 2022 ndi Ma Gitala mu 2025.

Mwina wina afunsa kuti mbale zitani masiku a foni ano. Kunjaku zidabwereranso. Ku Amereka, mu 2022, mbale zidagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere mu 1987. Anthu amafuna chinthu chogwirika, chokhala ndi chikuto chachikulu cholembedwa mayina a oimba ndi kumene nyimbo zidajambulidwa. Nyimbo za pa memori khadi zimayenda kuchokera foni iyi kupita foni iyo mpaka dzina la mwini wake kufufutika, ndipo khadiyo ikafa zonse zapita.

Tisaganize kuti ntchito yotere ndi ya azungu okha. Kuno kwathu kudali Nzeru Record Company, imene idayamba mu 1968 n'kumatulutsa mbale za magulu a ku Malawi konkuno, koma idatsekedwa mu 1972. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, woimba akafuna kujambulitsa ankadalira situdiyo ya MBC, ndipo nyimbo zambiri zidakhala pa matepi a wailesiyo osafika m'sitolo. Mu 1988 Dr John Lwanda, dokotala wa ku Malawi wokhala ku Scotland, adayambitsa kakampani kotchedwa Pamtondo. Ndiko kadatulutsa chimbale cha Ana Osiidwa cha Alan Namoko ndi Chimvu Jazz mu 1992. A Namoko, woimba banjo wosaona wa ku Thyolo, adamwalira mu 1995, patangopita zaka 3. Taganizani, dokotalayo akadanena ngati ine kuti mwezi wa mawa. Ngakhale kale zonsezi zisanachitike, Hugh Tracey adayendera dziko lino mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Lero mdzukulu wofuna kumva mawu a agogo ake a nthawi imeneyo amawapeza chifukwa mlendo adalemba dzina, dera ndi chaka.

Ndisakunamizeni kuti mbale ndiyo yankho la mavuto athu. Mtengo wa imodzi yokha ungagulire banja ufa wa masiku angapo, ndipo ine mwini chilandirireni iyi sindidaimvere pa galamafoni chifukwa ndilibe. Nyimbo zake ndimamvera pa foni ngati wina aliyense. Sindikunenanso kuti aliyense woimba pa msika adzakwera ndege. Ambiri sadzakwera. Chimene ndaphunzira pa zaka 10 za kakampani aka n'chakuti kusunga nyimbo sikuyamba ndi ndalama zambiri. Kumayamba ndi munthu woima n'kumvetsera, wolemba dzina, wogwirizana bwino ndi mwini nyimbo, ndi wobweranso chaka chinacho. Zinthu zinayi zimenezi sizifuna Geneva. Ife tingazithe.

Choncho, a Wapampando, ndili ndi pempho ku bungwe lathu. Tamanga zimbudzi, tagula mabuku, talipirira ana ovutika fizi, ndipo zonsezo zipitirire. Koma pa holide ikubwerayi tiyeni tisankhe ana 10 a Fomu 3, ndi mphunzitsi mmodzi wa Chichewa, kuti ayendere oimba 10 a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje. Asasankhe mtundu umodzi wa nyimbo. Akhalepo wa banjo, wa kaligo, amayi a chimtali ndi chitelera, abambo a mganda, kwaya ya mpingo, amayi oimba pa mtondo, ngakhale mnyamata wojambula nyimbo zamakono pa kompyuta m'kachipinda kuseri kwa golosale. Foni yabwino imodzi ikwanira kujambulira.

Pa nyimbo iliyonse alembe dzina lonse la woimba, mudzi ndi mfumu yake, tsiku, dzina la chida ndi amene adachipanga, ndiponso amene adapeka nyimboyo. Asanajambule, woimba amuwerengere kalata ya m'Chichewa yonena kuti nyimbo ndi yake, ndi kuti palibe adzaigulitsa iye osadziwa. Timupatse kangachepe m'manja, pakuti kuimba ndi ntchito. Wofuna, timuperekeze kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo limene lidakhazikitsidwa mu 1992. Zojambulazo zisungidwe patatu: kwa mwini wake, m'laibulale ya sukulu ino, ndi ku National Archives ku Zomba. Ndipo pamaso pa mafumu ndinene momveka kuti za ku dambwe sitikazikhudza. Zimene eni mwambo salola kuti zituluke, ana athu asakaloze foni kumeneko. Tiyamba ndi kugwada kwa inu eni dera kuti mutiuze poyenera kuponda.

Mutu umodzi susenza denga. Ine ndilonjeza pano kuti za mayendedwe a anawo ndi chakudya chawo zikhala pa ine. A ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi inu muli kunja amene mudzawerenga mawuwa m'kalata yathu, thandizani pa za oimbawo. Pakati pathu pali maloya; mmodzi atilembere kalata ija mwaulere. Pali odziwa za makompyuta. Mmodzi atiphunzitsire anawa kujambula mawu mosamveka mphepo.

Mbale iyi sindibwerera nayo. Ndikuisiya m'manja mwa a Mphunzitsi Wamkulu kuti ikhale m'laibulale, ana aziigwira ndi kuwerenga mayina ali pa chikutowo, koma chonde isakhale chiwongolero cha galimoto ya mawaya. Ndipo ngati muno muli wina wa ku Nathenje amene akudziwa dzina la bambo a banjo aja, kapena kumene kuli abale awo, andipeze tikamatuluka. Ndikufuna dzinalo lidzakhale loyamba pa tsamba loyamba la kaundula wathu.