Nambala ya Malemu Ikadali M'foni



Pa 1 November mpingo umakumbukira Oyera Mtima onse, ndipo m'mawa mwake, pa 2 November, timatchula pamaso pa Mulungu mayina a abale athu amene anatsogola. Pokonzekera masiku amenewa, tiyeni tifunsane: ndani mwa ife amene m'foni mwake mulibe nambala ya munthu amene tinamuika kale m'manda? Dzina likadalimo, chala chimakana kulifufuta. Ena anasunga mawu amene malemu anatumiza pa WhatsApp, mwina akungofunsa za feteleza kapena za mbuzi yosowa, ndipo ana akagona amawatsegula kawiri katatu. Facebook nayo imatikumbutsa tsiku lobadwa la munthu amene manda ake anamera kale udzu. Tsono nambala ikakhalitsa osagwira ntchito, kampani ya mafoni imaipereka kwa wina. Mayi wamasiye angaimbe pongofuna kumva kulira kwake, n'kudzidzimuka kuti wayankha mwamuna wachilendo wolankhula Chibemba.

Masiku apitawa ena a ife tinakhala pansi ndi achinyamata a kwaya kuonera filimu ya ku Japan yotchedwa Kairo, imene m'Chingerezi amaitcha Pulse. Anaipanga ndi Kiyoshi Kurosawa m'chaka cha 2001, nthawi imene kuno kalata inali kudikirabe basi. Si filimu ya ana, ndipo amene anazolowera mafilimu a nkhonya a m'mavidiyo a pa msika adzati njozizira. Nkhani yake ikuchitika mumzinda wa Tokyo. Mnyamata wina wa pa yunivesite akulumikiza kompyuta yake ku intaneti koyamba, ndipo kompyutayo ikuyamba kuyaka yokha usiku n'kumuonetsa anthu okhala okhaokha m'zipinda za mdima. Salankhula, salira, angokhala ndwii. Pang'onopang'ono zikuoneka kuti mizukwa ikulowa m'dziko la amoyo kudzera m'makompyuta. Amene wakumana nayo sadwala, sagwa. Amangosiya kucheza, amaleka kuyankha anzake, mpaka tsiku lina amazimiririka n'kutsala banga lakuda pa khoma ngati mwaye. Pofika kumapeto, mzinda waukulu uja watsala bwinja.

Mizukwa ya m'filimuyi siluma, sithamangitsa munthu. Uthenga wake ndi umodzi: kuti imfa ndi kusungulumwa kosatha, ndipo wakufa ali yekha mpaka muyaya. Apa filimuyo yanama, ndipo tiyenera kunena mosabisa. Ife timavomereza Lamulungu lililonse kuti pali chiyanjano cha oyera mtima. Amene anagona mwa Khristu sali m'chipinda chamdima akugogoda pa galasi la foni kuti wina awamve. Ali m'manja mwa Mwini wao, ndipo pa guwa tikamayamika Mulungu timayamika pamodzi nao.

Koma za amoyo filimuyo yanena zoona, ndipo mpamene yatilasa. Anthu a m'filimuyi ali ndi zipangizo zolankhulirana ndi dziko lonse, koma palibe amene agogoda pa khomo la mnzake. Wosungulumwa si wakufa ayi. Ndi wotsalayo.

Ndipo zimenezi sizinathere m'mafilimu. Mu February 2020 wailesi ya kanema ya MBC ya ku South Korea inaonetsa mayi amene mwana wake wamkazi anamwalira ali ndi zaka 7. Akatswiri anapanga chifanizo cha mwanayo pa kompyuta, choyenda ndi cholankhula, n'kumuveka mayiyo magalasi apadera kuti achione ngati chili pamaso pake. Mayiyo analira, natambasula manja kuti amugwire mwana wake, koma manjawo anagwira mphepo. Sitimuweruza mayi ameneyu. Amene anaikapo mwana akudziwa. Lero kuli mapulogalamu otha kutsanzira mawu a munthu akangomva zochepa zimene anajambula. Zimenezi zidzafika ndi kuno, monga zinafikira mbava zija zotumiza uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Tsiku lina wina adzamva mawu onga a malemu mwamuna wake akupempha ndalama. Tidziwiretu kuti sadzakhala iye.

Njala yofuna kumva mawu a wakufa ndi yakalekale. Pa 1 Samueli 28 tikupeza mfumu Sauli ali kakasi. Samueli wamwalira, Davide wathawa, Afilisti asonkhana, ndipo Mulungu sakumuyankha. Sauli yemweyo amene anapirikitsa obwebweta m'dziko akudzizimbaitsa ndi zovala zina, n'kupita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori kuti amuitanire Samueli. Anamva chiyani? Palibe chitonthozo: anangomva kuti m'mawa mwake iye ndi ana ake adzafa. Anagwa pansi, mphamvu zitamuthera, pakuti anali asanadye usana wonse ndi usiku wonse. Tsono taonani chimene chinamudzutsa. Mkazi uja anapha mwanawang'ombe wonenepa, naphika mkate, ndipo iye ndi anyamata a mfumu anamuumiriza mpaka anadya. Usiku wonse uja, chokhacho chimene chinathandiza Sauli chinachokera m'manja mwa munthu wamoyo, m'mbale.

Pa Luka 24 ophunzira naonso anagwidwa mantha pamene Ambuye wouka kwa akufa anaimirira pakati pao. Anayesa kuti akuona mzukwa. Ambuye sanawalalikire ulaliki wautali. Anawaonetsa manja ndi mapazi, nawauza kuti amukhudze, kenaka anafunsa ngati panali chakudya. Anamupatsa chidutswa cha nsomba yootcha, ndipo anadya iwo akuona. Mantha a mzukwa anawathetsa ndi thupi lake, pokhala nao pafupi ndi kudya pamaso pao.

Nanga ife? Makolo athu anati maliro n'kulirana. Ankagona pa siwa, amayi m'nyumba, abambo panja pa moto, ndipo ngakhale atameta, anthu ankabwerabe kudzazonda. Lero ana athu ali ku Lusaka, ku Kitwe, ena ku Joni. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ndalama yake si yochepa. Chipepeso amatumiza pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo mwambo wa kumanda amauonera pa foni ya msuweni. Sitikuwanena, ndalama imeneyo imagula bokosi, imagayitsa chimanga. Matenda a Covid-19 atavuta mu June ndi July 2021, boma linachepetsa chiwerengero cha anthu pa maliro, ndipo foni inatithandiza kwambiri. Koma matendawo anapita, chizolowezi chinatsala. Ngakhale ife a m'mudzi womwewo, amene tingayende wapansi osatuluka thukuta, tayamba kulemba "pepani" pa gulu la WhatsApp la mpingo n'kuganiza kuti tazonda.

Masiku ovuta kwenikweni si a maliro. Pa maliro pali kwaya, pali amayi a Mothers' Union mu yunifolomu, pali utsi wa nsima. Masiku ovuta ndi a mwezi wachiwiri ndi wachitatu, mapoto obwereka atabwezedwa, mvula yoyamba ili pafupi ndipo munda umene ankalima awiri ukudikira khasu limodzi. Mpamene foni imatsegulidwa pakati pa usiku. Mayi kapena bambo wotere tisamudzudzule kuti akusunga mawu a malemu. Sanachimwe. Adzafufuta yekha nthawi yake ikakwana, kapena sadzafufuta konse. Koma asamamve mawu a malemu okhawo sabata yonse. Anzake a Yobu, asanayambe kulankhula zolakwika, anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo pamenepo mpamene anachita bwino. Ifenso tingapite ndi kambale ka ndiwo, n'kukhala pa mphasa, n'kusenda naye mtedza. Abambo amasiye timawaiwala kwambiri, chifukwa salira poyera.

Mayina oti atchulidwe pa 2 November muwalembe pa pepala mupereke kwa akulu a mpingo Lamulungu likudzali. Amene sadziwa kulemba auze wachinyamata amulembere. Ndipo ngati pafupi nanu pali wamasiye wa chaka chino amene wasiya kubwera ku tchalitchi, musamutumizire uthenga. Mukamutenge m'mawa wa tsikulo, pa njinga kapena wapansi, ndipo mukhale naye pa benchi imodzi pamene dzina la wokondedwa wake likuwerengedwa.