ANA ATHU, FUMBI LA KABWE NDI MBALE YA M'MAWA

(Mau onenedwa pa msonkhano wa makolo ndi anyamata ku Kabwe)

A Mpando, amai ndi abambo, ndiponso inu anyamata ndi atsikana mwaima kumbuyoko, mwandipatsa zinthu zitatu zoti ndilankhulepo, ndizo cakudya ca ana, masewera ao, ndi kuwasunga ku ngozi. Kwina konse zimenezi zikhoza kukhala nkhani zitatu. Kuno ku Kabwe ndi nkhani imodzi cabe, ndipo cimene cazimanga pamodzi ndi dothi limene tapondapoli.

Mwala wa mtovu ndi zinc unapezeka pano mu 1902, ndipo mzinda uno unachedwa Broken Hill kufikira 1966. Mgodi unagwira nchito zaka pafupifupi 90, nutsekedwa mu 1994. Utsi unaleka, koma mtovu umene unagwa ndi utsiwo sunapite kwina. Mtovu suola monga masamba, susungunuka ndi mvula. Uli m'dothi la ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa, ku Mutwe Wansofu, ndipo mulu waukulu uja tiucha Black Mountain ukali kutumiza fumbi lace m'makomo mwathu mphepo ya August ikayamba. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti anthu oposa 76,000 akhala m'makomboni oipitsidwa ndi mtovu. Ena a iwo ndife tiri muno.

Nanga cifukwa ninji ndinena za ana, osati za ife akulu? Mwana ali pafupi ndi dothi. Amakwawa, amadya zala, amatola cinthu pansi naika m'kamwa. Ndiponso a World Health Organization akuti mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lace limatenga wocuruka kanai kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu. Akutinso palibe muyeso wa mtovu m'mwazi umene tinganene kuti uwu ngwabwino. Ukafika pa 5, monga amayesera ku cipatala, afunika kufufuza kumene ucokera. Ukafika pa 45 mwana afunika mankhwala oucotsa. Coopsa cace ndi cakuti mtovu sulira mfuu. Mwana amayenda, amaseka, inu nkumati ali bwino. Pambuyo pace mumva aphunzitsi akudandaula kuti sagwira za m'kalasi, kapena mimba imuwawa kawiri-kawiri, kapena mwazi wamucepa. Ife timafulumira kunena kuti mwanayu ngwaulesi, mwina nkumukwapula, pamene mtovu unayamba kale kuononga bongo wace. Ndipo cimene caonongeka m'bongo mankhwala sacibweza.

Tsopano mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona nkhani yanga yonse. Mimba yopanda kanthu imakoka mtovu wambiri kuposa mimba imene muli cakudya. Thupi losowa ayironi, uja amapanga mwazi, ndi thupi losowa kashiyamu, uja amalimbitsa mafupa, limalandira mtovu ngati kuti ndiwo cimene linali kufuna. Cotero ana awiri akhoza kusewera pa bwalo limodzi, fumbi limodzi, koma amene anacoka kunyumba osadya kanthu ndiye abwerako ndi mtovu wambiri m'mwazi. Mbale ya phala m'mawa kuno ku Kabwe si ya njala yokha ai.

Ndidziwa ena muti, cakudya cabwino ndi ca anthu a ndalama. Sindikana kuti ufa wakwera mtengo. Koma zimene ndinena ziri pa msika wathu womwe uno. Kapenta timadya ndi minga yace yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli kashiyamu. Nyemba, nshawa zosinja zothira m'phala kapena m'ndiwo, bonongwe, nkhwani, masamba a mbatata, dzira limodzi likapezeka, vinkhubala pa nyengo yace, zonsezi zimaonjeza mwazi. Gwafa, lalanje, mango ndi malambe zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo zija. Tiyi ndiye acita zosiyana, amatsekereza, cifukwa cace musapatse mwana tiyi pamodzi ndi cakudya cace. Ndaona makolo akupatsa mwana ndalama ya zotsekemera za m'mapaketi tsiku ndi tsiku, ndalama yomweyo ikadagula kapu ya nshawa. Kalembera wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse a zaka zosafika 5 m'Zambia muno ndi opinimbira. Mwana wotere akakhala ku Makululu wasenza akatundu awiri.

Koma ndisanamize munthu. Kapenta sacotsa mtovu umene walowa kale. Cakudya cimacepetsa wolowa, basi. Mwana afunika kupita naye ku kiliniki kukapempha kuti amuyese mwazi. Ndi inu amai oyembekezera amene mumalakalaka dothi, conde lekani. Mtovu umadutsa kufika kwa mwana ali m'mimba.

Za masewera. Pali makolo ena, pomva zonsezi, amatsekera ana m'nyumba. Ico sindigwirizana naco. Mwana wa zaka 5 kufikira 17 afunika kuthamanga ndi kutuluka thukuta mphindi 60 tsiku liri lonse, ndiwo muyeso wa a World Health Organization omwewo. Ndipo mzinda uno ndi wa mpira. Godfrey Chitalu anagoletsa zigoli 107 mu 1972 ali wa Kabwe Warriors. Kodi ife ndife oti tiuze ana athu kuti mpira auiwale? Funso si lakuti asewere kapena asasewere, koma asewere kuti. Bwalo la dothi louma pafupi ndi mulu si bwalo. Ngalande ija imacokera ku mgodi si dziwe losambiramo, ndipo matope amene imasiya ikasefukira m'dzinja si oumbira ng'ombe. Bwalo lokhala ndi udzu, kapena lothiridwa dothi locokera kutali, kapena la simenti, ndilo tifuna.

Ine ndinali kalaliki pa mgodi wina wa mkuwa. Nchito yanga inali kulemba maina a anthu otsika pansi ndi kuwerenga otuluka, ndipo ciwerengero cikapanda kukwana panalibe wopita kunyumba. Gulu liri lonse lisanatsike, kapitao amaima nalo mphindi zowerengeka kulikumbutsa za ngozi, tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa anthu a imvi amene anamva mau omwewo kosawerengeka. Pomaliza nchito munthu amasamba ndi kusintha zobvala asanapite kwa ana ace. Amenewo ndi amuna akulu-akulu a zipewa zolimba ndi majombo. Ana athu amatsikira ku mgodi wao wa fumbi m'mawa uli wonse opanda nsapato, ndipo palibe kalaliki wowalemba, palibe kapitao wowakumbutsa.

Cimene ndipempha ndi cakuti cigawo ciri conse cikhale ndi kabungwe ka ana koyendetsedwa ndi ife eni. Cifukwa cace nciani osasiyira banja liri lonse? Cifukwa mai mmodzi akhoza kukolopa m'nyumba mwace bwino-bwino, koma mwana wace masana onse ali pa khomo la mnansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo fumbi silidziwa mpanda. Kabungweko kakhale ndi buku la maina a ana, ndi cizindikiro pa dzina la yense amene anayesedwa mwazi. Mabanja asonkhe ufa pang'ono ndi nshawa, amai awiri aziphika mosinthana, ndipo lamulo likhale limodzi: wosadya phala salowa m'bwalo. Pa cipata pakhale cidebe ca madzi ndi sopo. Anyamata ndi atsikana okulirapo ndiwo akhale akapitao, pakuti mwana amamvera mkulu wace wa mpira kuposa ine wa jekete. Mpira usanayambe, mphindi zisanu za kukumbutsana: samba m'manja usanadye, cakudya cikagwa pansi usatole, bvula nsapato pa khomo, usakwere mulu. Anawo akazolowera, ndiwo adzayamba kudzudzula ife kunyumba tikamasesa pouma osawaza madzi, kapena tikayanika ufa ndi mfutso pansi pa mphepo, kapena tikaphika masamba osatsuka. Ndi inu abambo amene mumakatola miyala ku mulu kuti mupeze ya ufa, sindikunyozani, njala ndiidziwa. Koma zobvala za kumeneko zisalowe m'nyumba, ndipo mwana asakuperekezeni.

Wina afunsa, kodi pocita izi sitikupeputsa katundu wa amene anayenera kukonza dothi? Iai. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zoposa madola 65 miliyoni zokonzera malo oipitsidwa ndi migodi, kuno ndi ku Copperbelt, koma mulu ukali ciimire. Mu October 2020 mlandu unatsegulidwa ku Johannesburg m'dzina la ana ndi amai a Kabwe potsutsana ndi Anglo American South Africa, imene ikana kuti ili ndi mlandu. Mu December 2023 khoti linakana kuti upitirire ngati mlandu wa gulu, ndipo maloya anacita apilu. Zimenezi tizitsata, ndipo kwa makhansala ndi ku Boma tidzapita ndithu. Buku la maina lija ndilo tidzanyamula popita kumeneko. Koma mwana amene ali ndi zaka 2 lero sangadikire oweruza.

A Mpando, ndipempha kuti tisanabalalike cigawo ciri conse cichule anthu atatu: mai wosunga ufa, mnyamata kapena mtsikana wa masewera, ndi wina wodziwa kulemba. Za kaikidwe ka buku ndidzawaonetsa ine ndekha Loweruka m'mawa. Amene muli ndi kapinga pa khomo panu mubwere naye m'thumba, tikayambe kubzala pa bwalo mvula isanathe.