Foni Ipepuze Katundu wa Munthu Wodzipereka

Nkhani ya sabata ino yachokera m'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa, pa chidikha cha fodya cha ku Kasungu, ngakhale ikukhudza boma lililonse kumene wailesi imamveka. Ndi nkhani ya anthu aja ogwira ntchito modzipereka, amene ena amawatcha mavolontiya: alezi a m'sukulu za mkombaphala, amayi olawira m'bandakucha kukaphika phala la ana asukulu, oyendera odwala m'makomo, ndi anyamata ndi atsikana a Red Cross amene amathamangira kumene kwagwa ngozi. Anthuwa salandira malipiro a pamwezi, komabe ntchito zambiri za mabungwe achifundo zaima pa mapewa awo. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, silikadafika pa ana oposa miliyoni imodzi popanda amayi ndi abambo otunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kutakasa phala kwaulere.

Zaka zino mabungwe ambiri akusiya makaundula a pepala. Akufuna kuti wodzipereka alembetse dzina lake pa foni, alandire ntchito yake pa foni, ndipo atumize lipoti lake pa foni yomweyo, kuti amene ali ku ofesi ku Lilongwe aone zonse pa kompyuta tsiku lomwelo. Cholingacho nchabwino, pakuti pepala limanyowa, limadyedwa ndi chiswe, ndipo limatha kugona mwezi wathunthu m'chikwama cha mlangizi kudikira galimoto. Vuto lagona pa kapangidwe ka mapulogalamuwo. Ambiri a iwo anasokedwera munthu wa ku London kapena ku New York, ndipo akumuveka mayi wa ku Lukwa osabweza ngakhale mpindiro.

Zimaonekera pa tsamba loyamba lenileni. Pulogalamu imayamba ndi kufunsa imelo, mayiyo alibe. Imafunsa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pamene iye amadziwika ndi mudzi wake, gulupu wake ndi mfumu yake yaikulu. Imafuna mawu achinsinsi osakaniza zilembo zazikulu, zazing'ono ndi manambala, ndipo akawaiwala imamuuza m'Chingerezi kuti akayang'ane ku imelo ija alibeyo. Akalimbikira mpaka kufika pa funso lomaliza, netiweki nkuthawa, zonse walemba zija zimafufutika, mayunitsi ake atapita. Munthu wotere sadandaula kwa aliyense. Amangoika foni pansi, mwezi wamawa osatumiza kanthu, ndipo ku ofesi amalemba kuti anthu a kumudzi ngaulesi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno pafupifupi theka lokha la mabanja ndilo linali ndi foni ya m'manja, ndipo mabanja ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, ambiri a iwo m'tauni. Chiwerengero cha mafoni chakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma foni yofala kumudzi ikadali ija ya mabatani, ndipo kawirikawiri ndi imodzi pakhomo ponse. Bambo akapita nayo ku msika wa fodya ku Chinkhoma, uthenga wa bungwe umapita nawo komweko. Kutchaja nako kumalira ndalama pa golosale kapena kwa mnansi amene ali ndi sola. Pulogalamu yodya batire ndi bandulo imadya ndiwo za ana a wodziperekayo.

Pali china chimene wokonza pulogalamu wokhala kutali sangachilote: kalendala ya fodya. Ku Lukwa chaka sichiyenda mofanana. September ndi October ndi nyengo yothirira nazale m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa, aliyense ali kumunda kuwokera. Kuyambira February mpaka April ndi kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa, kenaka kusankha ndi kudinda mabelo. Nyengo yomweyi ndiyo ya njala, malungo ndi matenda otsekula m'mimba, ndiye kuti wodzipereka amafunika kwambiri pa nthawi imene manja ake ali odzaza kwambiri. Tsono pulogalamu youma mutu, yofuna lipoti Lachisanu lililonse nthawi yakuti, ndi kupaka chizindikiro chofiira pa dzina la wochedwa, imalanga munthu chifukwa chakuti ndi mlimi. Ndiponso maliro sapangana ndi kalendala. M'mudzi mukagwa zovuta ntchito zonse zimaima, ndipo pulogalamu yabwino iyenera kukhala ndi batani limodzi lonenera zimenezo, kapena lopatsira ntchitoyo mnzake wa m'gulu, popanda kuchititsa munthu manyazi.

Chosangalatsa nchakuti nzeru zokonzera zimenezi sizifunika kukazisaka kutsidya kwa nyanja. Zina mwa zoyambirira pa dziko lonse zinayesedwa konkuno.

Mu 2008 mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi mafoni wamba ndi kompyuta imodzi ya m'manja. Chipatalacho chinkatumikira anthu pafupifupi 250,000 ndipo chinkadalira anthu odzipereka a m'midzi, amene ena a iwo ankayenda pansi kapena pa njinga mitunda yaitali kudzangonena mawu awiri. Iye anagwiritsa ntchito FrontlineSMS, pulogalamu imene Ken Banks anakonza mu 2005, yosafuna intaneti konse koma uthenga wamba wa pa foni. Odzipereka 75 analandira mafoni ndi kuphunzitsidwa kutumiza uthenga: wodwala wakuti wafooka, wakuti wasiya kumwa mankhwala, wakuti wamwalira, namwino asavutike kubwera. M'miyezi isanu ndi umodzi chipatala chinapulumutsa maola oposa 2,000 a ogwira ntchito, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu amene chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri kufika pa 200. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe limene linadzatchedwa Medic Mobile. Mphamvu yake inali pa kuchepa kwa zimene inkapempha kwa wodzipereka: chida chimene ankatha kuchigwira, mawu a chinenero chake, ndi yankho lochokera kuchipatala.

Zaka zingapo izi zisanachitike, mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika makina olembetsera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero chikutchedwa Kamuzu Central. Ataona kuti makalaliki ambiri anali asanagwirepo kompyuta, anachotsa zonse zotayipira nasiya galasi longokhudza ndi chala. Pa galasipo pankabwera funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi mabatani akuluakulu, ndipo pomaliza makinawo ankasindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Funso limodzi pa nthawi imodzi: ndi momwe nyakwawa imafunsira pa bwalo la milandu, ndipo ndi chimene mafomu ambiri a pa foni a masiku ano alephera kuphunzira, pakuti amaunjika mafunso makumi atatu pa kagalasi kochepa ngati chikhatho cha mwana.

Boma la Kasungu nalo lili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma asanu ndi limodzi, ndipo Kasungu anali mmodzi mwa iwo. Alangizi a zaumoyo, amene ndi antchito aboma olipidwa koma amagwira ntchito limodzi ndi odzipereka m'midzi, ankatumiza uthenga waufupi mwezi ndi mwezi wonena mankhwala otsala m'bokosi la kiliniki ya m'mudzi. Masamu onse ankachita ndi makina: ankawerengera okha kuchuluka kwa mankhwala ofunika, nauza chipatala chaching'ono kuti chilongedze, ndipo katundu akakonzeka mlangizi ankalandira uthenga woti abwere. Sankapalasanso njinga ulendo wautali nkukapeza shelefu ili mbee.

Koma phunziro lalikulu la cStock lili pa zimene zinachitika kunja kwa foni. M'maboma atatu mwa asanu ndi limodziwo munakhazikitsidwa magulu okumana kawirikawiri, a alangizi, akuluakulu a zipatala ndi a ku boma, oti aziona manambala aja pamodzi, kufunsana chimene chavuta, ndi kuyamikira amene achita bwino. M'maboma amenewa malipoti ankafika 94 pa 100 alionse, pamene m'maboma atatu enawo, okhala ndi pulogalamu yomweyo koma opanda magulu, ankafika 79. Mankhwala nawo ankasowa kamodzikamodzi kumene kunali magulu. Foni inali imodzimodzi, uthenga umodzimodzi. Chosiyana chinali chakuti kwina munthu ankadziwa kuti pali wina amene akuwerenga zimene watumiza.

Apa ndi pamene mapulogalamu ambiri oyang'anira odzipereka amapunthwa. Anakonzedwa kuti akondweretse amene akulipira, ndiye kuti bwana wa ku ofesi ndi mwini thumba wa kunja, amene amafuna zithunzi za manambala zokongola. Wodzipereka amakhala ngati chitsime chongotungidwa. Amatumiza mayina a ana onyentchera mwezi ndi mwezi, osamva ngati chiponde chikubwera kapena ayi. Amanena kuti mjigo wawonongeka, foni nkungoti zii. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kwa wodzipereka, phindu la lipoti ndi lokhalo limene walionera ndi maso m'mudzi mwake. Chotero wokonzanso pulogalamu ayambire pa yankho. Lipoti likafika, foni inene kuti lafika, m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kwa a kumpoto kwa boma la Kasungu. Pakachitika kanthu chifukwa cha lipotilo, mwini wake auzidwe. Ndipo mbiri ya zaka zimene munthu watumikira ikhale yake, yoti angathe kuisindikiza ndi kuionetsa pofunsira ntchito, popeza achinyamata ambiri amadzipereka ali ndi chiyembekezo chimenecho, ndipo palibe cholakwa pamenepo.

Kukonzanso kwenikweni sikuchitikira m'hotela ku Salima. Wokonza ayenera kukhala pa mkeka pamodzi ndi alezi, kuwapatsa foni, iye nkutseka pakamwa, ndi kuona pamene chala chikukayika. Asafunse kuti "Kodi mwamva?" pakuti munthu waulemu amayankha kuti wamva ngakhale asanamve, makamaka pamaso pa mlendo wobwera pa galimoto ya bungwe. Aone ngati zilembo zikuwerengeka padzuwa la October, ndi kwa mayi wa zaka 55 wopanda magalasi. Aone ngati chithunzi cha envelopu kapena cha kanyumba chikutanthauza kanthu kwa iye. Ayese pulogalamuyo pamalo popanda netiweki, kuti isunge zolembedwa mpaka munthu atafika pachulu pamene foni imagwira. Ndipo afunse pa funso lililonse la pa fomu kuti ndani adzagwiritse ntchito yankho lake. Mafunso opanda mwini achotsedwe.

Palinso nkhani ya chinsinsi, imene m'mudzi ndi yolemera kuposa m'tauni, popeza aliyense amadziwa mnzake. Foni yobwerekana ikakhala ndi mayina a anthu amene akumwa ma ARV, kapena a mtsikana amene wachitidwa nkhanza, mwana wongofuna kusewera nayo angathe kuwononga banja la eni ake. Lamulo loteteza mbiri za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 pansi pa MACRA, likukhudza mabungwe achifundo monga momwe likukhudzira mabanki. Nambala yachinsinsi yaifupi, ndi uthenga wosatchula matenda a munthu poyera, ndi zinthu zofunika kuziganizira pa tsiku loyamba.

Vuto lotsiriza labwera ndi kuchuluka kwa ofuna kuthandiza. Munthu wodalirika m'mudzi amasankhidwa ndi bungwe lililonse lobwera, kotero kuti mayi mmodzi amapezeka ali mlezi, membala wa komiti ya zaumoyo ndi mlembi wa banki m'khonde, ndipo bungwe lililonse limafuna kumuikira pulogalamu yake, yofunsa mayina a ana omwewo. Unduna wa Zaumoyo unaliona vutoli pakati pa alangizi ake, ndipo kutsatira ndondomeko ya zaumoyo wa m'midzi ya 2017 mpaka 2022 unayamba kumanga njira imodzi yotchedwa iCHIS, kuti ilowe m'malo mwa makaundula ndi timapulogalamu tambirimbiri. Mabungwe achifundo ogwira ntchito m'dera limodzi angathe kuchita chimodzimodzi kudzera ku khonsolo ya boma ndi makomiti a chitukuko a kwa mfumu yaikulu.

Pamakhalanso funso la tsiku limene thumba la ndalama lidzaume. Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011, chinafalikira m'dziko lonse ndipo mu 2020 chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, patapita zaka zokonzekera kuti boma lidzathe kulipira antchito ake ndi kusamalira makina. Mapulogalamu ena ambiri sanafike pamenepo. Ntchito ikatha, kompyuta yosunga mayina imazimitsidwa, ndipo komiti ya m'mudzi imatsala yopanda ngakhale mndandanda wa mamembala ake. Pa chifukwa chimenechi, bungwe lobweretsa pulogalamu ku Lukwa liyenera kunena pamaso pa mfumu ndi komiti, lisanagawe foni ndi imodzi yomwe, kuti adzalipira mayunitsi ndani, foni ikafa adzakonza ndani, ndiponso kuti kaundula wosindikizidwa papepala adzasungidwa m'nyumba ya yani.