Kumanga Tingalawa ta Matabwa

Lero tikamba za anthu amene amakonda kumanga tingalawa ta matabwa pa nthawi yao yopuma. Iwo amagula bokosi la tizidutswa todulidwa kale, pamodzi ndi pepala loonetsa malo a kacidutswa kalikonse.

Musayese kuti ndi masewera cabe. Sitima ya Liemba, imene kwa zaka zambiri inali kufika ku Mpulungu, inamangidwa mofananamo, ngakhale kuti ndi yacitsulo. Inapangidwa ku Papenburg, m'dziko la Germany, mu 1913. Zidutswa zake zinatumizidwa m'mabokosi, ndipo amisiri anazilumikiza ku Kigoma, sitimayo niyandama pa nyanja ya Tanganyika mu 1915. Utali wake ndi pafupifupi mamita 71. Motero cifaniziro cake, ngati sentimita imodzi iimira mita imodzi, cidzakhala masentimita 71.

Mmisiri amayamba ndi msana wa ngalawa, naimikapo nthiti zake. Kenaka amaviika timatabwa m'madzi otentha kuti tipindike popanda kuthyoka. Amamata kamodzi kumanja, kena kumanzere, mosinthanasinthana. Akathamangira kutsiriza mbali imodzi, timatabwato pouma timakoka msana, ngalawa nipotoka, ndipo nchito ya miyezi yambiri imaonongeka.

Aphunzitsi, ngati bokosi lotere palibe, nsungwi kapena matabwa otsala kwa kalipentala adzakwanira. Ana ayambe ayeza ndi kulemba miyeso yao m'buku, ndipo mpeni augwire inu mulipo. Tsalani bwino.