NYUMBA ZA DOTHI KU MAIKO A CISANU

Anthu ambiri amayesa kuti nyumba ya dothi ndi ya ku maiko otentha okha. Koma ku Devon, m'dziko la England, ziriko nyumba za dothi zimene zakhala zaka zoposa 400, ndipo anthu akali kugonamo. Mamangidwe awa dzina lace m'Cingelezi ndi cob. Omanga amaponda dothi la mtapo pamodzi ndi mcenga, madzi ndi mapesi a tirigu, naunjika matopewo popanda njerwa kapena cikombole. Cipupa cikakwera ngati mafuti 2 amacileka kuti ciume, nayambanso.

Tsono ku Devon cisanu sicikula kwambiri. Nanga ku maiko onga Canada, kumene madzi amauma gwa ngati mwala kwa miyezi yambiri, nyumba yotere ingasunge munthu kodi?

Apa mpofunika kuzindikira khalidwe la dothi. Dothi lifanana ndi fuwa la pamoto, osati bulangeti. Limamwa kutentha ndi kukusunga, koma silikutsekereza kuti kusaturuke. Dzuwa likawala usana, cipupa cimafunditsa nyumba usiku. Koma cisanu cikakhala masabata ambiri osaleka, cipupa cimazizira mpaka m'kati, nkhuni zimangotha, ana ali kunjenjemera.

Cifukwa ca ici amisiri a kumeneko amasamala zinthu zinai. Coyamba, amakumba maziko a miyala kupitirira pamene cisanu cimalekeza, pakuti nthaka yonyowa ikauma ndi cisanu imatupa ndi kung'amba cipupa. Caciwiri, amamanga m'miyezi yofunda, popeza matope aawisi akagwidwa ndi cisanu amanyenyeka. Cacitatu, mazenera akulu amayang'ana kummwera, kumene dzuwa limapendekera ku maiko a kumpoto. Cacinai, ndico cacikuru, amabveka cipupa kunja ndi mitolo ya mapesi yothinana, naimata.

M'caka ca 2017 akatswiri a University of Plymouth, pamodzi ndi anzao a ku France, anayamba nchito yochedwa CobBauge. Iwo anayesa cipupa ca mbali ziwiri: ya m'kati yolimba, yosenza denga, ndi ya kunja yopepuka, ya dothi pang'ono ndi ulusi wambiri wa zomera, yotsekereza cisanu.

Motero dothi limene ena amalinyoza liri kuphunziridwa m'masukulu akulu. Koma womanga aliyense akumbukire: ku dziko la cisanu, nyumba ya dothi ifuna copfunda cace monga munthu.