Tisanatumize anamwino athu kumudzi



Ganizo loti bungwe lathu lizitumiza anamwino odzipereka kumudzi ku Malawi kukagwa mliri kapena ngozi ndalilandira ndi manja awiri. Koma tisanavote, ndiloleni ndikumbutse mmene dziko la Britain tikukhalali linatumizira anamwino ake kunkhondo ya ku Crimea.

Mu 1854 nyuzipepala ya The Times inalemba kuti asilikali a Britain akufa opanda wowasamalira. Nduna yoona za nkhondo, Sidney Herbert, inapempha Florence Nightingale kuti asonkhanitse gulu. Ananyamuka mu London pa 21 Okutobala ndi amayi 38, ena masisitere, ena anamwino a m'zipatala, n'kukafika ku Scutari, m'dziko la Turkey, kumayambiriro kwa Novembala. Chipatala cha kumeneko chinali nyumba yakale ya asilikali. Odwala anali ndandanda m'makonde, zovala zili nsabwe zokhazokha, zimbudzi zitatsekeka, makoswe akungodziyendera. Ambiri sankafa ndi mabala ayi, ankafa ndi kolera, kamwazi ndi matenda ofala ndi nsabwe. Choncho ntchito inayambira pogula mabulashi okwechera pansi, kutsegula pochapira ndi kuphikira odwala, mothandizidwa ndi ndalama zomwe owerenga The Times anasonkha. Imfa zinadzatsika kwenikweni akatswiri a zaukhondo atabwera mu Malichi 1855 kudzatsuka ngalande zonyansa.

Tsono mvetserani apa. Mu Disembala 1854 mayi wina, Mary Stanley, anatulukira ndi amayi ena oposa 40, Nightingale asanawaitane. Pogona panalibe, madokotala sanawakonzekere, ndipo anayamba akhala ku Therapia kudikira kuti apatsidwe pogwira. Anali anthu amtima wabwino zedi, kungoti owatumiza sanafunse amene anali pamalopo. Ife tisachite zimenezo. Anzathu amene analimbana ndi kolera kumudzi mu 2022 ndi 2023 ndiwo akudziwa ngati chikusowa ndi manja, magolovesi kapena madzi abwino. Tiyambe tawalembera, ndipo opitawo akhale ndi chilolezo cha Nurses and Midwives Council of Malawi asanakwere ndege.

Pali mayi winanso, Mary Seacole wa ku Jamaica, amene chipilala chake mumachiona pa St Thomas' Hospital. Atamukana m'maofesi a mu London kuti apite ku Crimea, anadzilipirira yekha ulendo, n'kukasamalira asilikali kufupi ndi Balaclava. Nkhondo itatha mu 1856 anabwerera ali pa ngongole yosaneneka. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa wathu amene angapite adzasiya mashifiti, lendi ikuwerengabe, ana akudya, kumudzi akudikira ya fetereza.

N'chifukwa chake ndikupempha, Wapampando, kuti lero tisankhe anthu atatu: alembe mayina a anamwino athu ndi luso la aliyense, afufuze mtengo wa tikiti ndi inshuwalansi, ndipo pamsonkhano wamawa adzatiuze kuti aliyense azisonkha zingati pamwezi.